Business Analyst Akule ndi Chiyani: Setifiketi, Digiri, Deta, Kapena Kukhala pa Kauntala?

M'mabanki, m'makampani a mafoni, m'mainshuwalansi ndi m'mabungwe a chithandizo muli anthu amene ntchito yawo ndi kuima pakati. Mbali ina kuli bwana wa ngongole amene watopa ndi milu ya mafomu, mbali inayo kuli akatswiri a kompyuta amene adzamange sisitimu yatsopano. Woima pakatiyo ndiye business analyst, kapena BA monga amatchulirana mu ofesi. Kwathu kuno ambiri amagwira ntchitoyi alibe dzinalo. Pa kalata yawo ya ntchito palembedwa kuti ndi a IT, a mapulojekiti kapena a operations, koma tsiku lonse amakhalira kufunsa anthu mafunso, kujambula mmene ntchito imayendera, ndi kuyesa ngati sisitimu ikuchitadi zimene analonjeza ogulitsa.

Munthu wotereyu akafuna kukwera amapeza njira zambirimbiri, iliyonse ili ndi oichemerera ake. Vuto ndi thumba. Mayeso pafupifupi onse odziwika amalipiridwa m'madola kapena m'mapaundi, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, setifiketi imodzi ikhoza kudya malipiro a mwezi wathunthu kapena kuposerapo, osawerengera mavuto opezera ndalama zakunjazo ku banki. Choncho musanatulutse khadi, dziwani chimene chikukuperewerani. Ena ntchito amaidziwa bwino koma alibe pepala loti bwana wa ku London kapena Johannesburg awakhulupirire. Ena ali ndi mapepala koma deta ikawafika pa tebulo amadikira wina awatsegulire. Enanso sanaonepo pulojekiti kuyambira tsiku loyamba kufikira anthu atayamba kuigwiritsa ntchito. Zosowa zitatuzi sizitha ndi njira imodzi.

Makwerero a IIBA

Bungwe la International Institute of Business Analysis (IIBA) linayamba mu 2003 ku Toronto, m'dziko la Canada, ndipo buku lake la BABOK Guide ndilo ambiri amaliyesa muyeso wa ntchitoyi. Mtundu wake wachitatu, umene unatuluka mu 2015, umagawa ntchito ya BA m'zigawo 6: kukonzekera ntchitoyo ndi kuilondoloza, kufunsa anthu ndi kugwira nawo limodzi, kusamala ma requirements (zofunika zimene kampani ikufuna kuti yankho likwaniritse) chiyambire kulembedwa mpaka atasiya kugwira ntchito, kuunika kumene kampani ikufuna kupita, kusanthula zofunikazo ndi kujambula yankho, ndiponso kuona ngati yankholo lathandizadi. Muli njira 50 zogwirira ntchito, kuyambira kufunsa munthu maso ndi maso mpaka kujambula mayendedwe a deta. Kuliwerenga kumatopetsa, tisanamizane. Linalembedwa kuti muzitsegula pamene mwakakamira, koma mayeso amafuna mulidziwe lonse.

Khwerero loyamba pa masetifiketi a IIBA ndi ECBA, limene silifuna kuti mukhale mutagwirapo ntchitoyi. Limathandiza munthu amene akuchokera kwina, monga telala wa pa banki kapena wa ku akaunti amene akufuna kulowa mu timu ya mapulojekiti. Limamupatsa chilankhulo cha ntchitoyi, ndipo pa intavyu sasochera akafunsidwa kusiyana kwa zimene kampani ikufuna ndi zimene sisitimu iyenera kuchita. Kupitirira apo musaliyembekezere zambiri. Wolemba ntchito amadziwa kuti ECBA ikutanthauza kuti munawerenga buku ndi kukhoza, basi.

Khwerero lachiwiri, CCBA, limafuna maola 3,750 a ntchito ya BA m'zaka 7 zapitazi, ndi maola 21 a maphunziro. CBAP, yomwe ndi yapamwamba, imafuna maola 7,500 m'zaka 10, maola 35 a maphunziro m'zaka 4 zapitazi, ndi anthu awiri okuchitirani umboni. Pa maola 7,500 amenewo, payenera kukhala maola osachepera 900 m'chigawo chilichonse mwa zigawo zinayi pa zigawo 6 zija za BABOK. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, mayeso asanawaone n'komwe. Mukagawa 7,500 ndi maola 40 a pa sabata mupeza masabata pafupifupi 188, zimene ndi zaka zitatu ndi theka, koma zimenezo n'zoti ola lililonse mu ofesi munali pa ntchito ya BA yokhayokha. Ndani kwathu kuno amagwira motero? Munthu mmodzi yemweyo amalemba ma requirements m'mawa, masana akuthamangitsa kontilakita, madzulo akukonza pulintala ya abwana. IIBA siwerengera nthawi yoyendetsa pulojekiti, yolemba mapulogalamu, kapena yongoyesa sisitimu. Ndiye kwa ambiri zaka zenizeni zimafika zisanu kapena zisanu ndi chimodzi.

Chimene ndingakuuzeni molimbika pa njira imeneyi n'chakuti yambani kulemba maola anu lero, ngakhale CBAP muli nayo patali. Tsegulani fayilo ya Excel. Mzere uliwonse ukhale ndi dzina la pulojekiti, mwezi woyamba ndi womaliza, bwana amene munali pansi pake, chimene munachita, ndi chigawo cha BABOK chimene ntchitoyo ikugwera. Pakapita zaka zisanu simudzakumbukira kuti pa pulojekiti ija yosintha sisitimu ya malipiro munakhala nthawi yaitali bwanji mukufunsa anthu a ku nthambi, ndipo bwana uja adzakhala atasamukira ku Lusaka. IIBA imasankha mafomu ena kuti iwafufuze, ndiye manambala ongopeka akhoza kukugwetsani.

Mayeso a CBAP ali ndi mafunso 120 oyankha m'maola atatu ndi theka, ndipo ambiri amabwera ngati nkhani: kampani yakuti ili ndi vuto lakuti, BA achite chiyani tsopano? Anthu amene agwira ntchitoyi zaka zambiri nthawi zina amalephera chifukwa amayankha monga amachitira ku ofesi kwawo, pamene mayeso akufuna yankho la m'buku. Mukhoza kulembera kunyumba pa intaneti, woyang'anira akukuonani pa kamera, koma ganizirani za magetsi ndi netiweki. Maola atatu ndi theka ndi nthawi yaitali kwa batire la laputopu yokalamba. Mukakhoza, nkhani sinathe: zaka zitatu zilizonse muyenera kusonyeza mfundo 60 za maphunziro opitiriza ndi kulipiranso. Chotonthoza n'chakuti ndalama ya umembala ndi yotsikirapo kwa okhala m'mayiko osauka, ndipo membala amawerenga BABOK osagula padera.

Kodi n'zoyenera ndalama zake? Kwa amene akufuna ntchito za makampani akunja ali konkuno, kapena amene akuloza ku Canada, America ndi South Africa, CBAP imatsegula zitseko. Ku South Africa IIBA ili ndi nthambi yamphamvu, ndipo mabanki akuluakulu a kumeneko amalemba ma BA ambiri. Kwa amene akufuna kungokwera giledi pa kampani ya konkuno imene a HR sanamvepo dzina la CBAP, phindu lake lichedwa kuoneka.

BCS, PMI ndi ena

Amene maso awo ali ku Britain ayang'ane kwina. Kumeneko dzina lomveka ndi BCS, The Chartered Institute for IT, bungwe limene linayamba mu 1957. Poyambira pali Foundation Certificate in Business Analysis, mayeso a ola limodzi a mafunso 40. Chachikulu ndi International Diploma in Business Analysis. Mumakhoza magawo anayi, kuphatikizapo awiri okakamiza, Business Analysis Practice ndi Requirements Engineering, kenako mumakhala pamaso pa oyesa awiri amene amakufunsani pakamwa kwa mphindi pafupifupi 50.

Ineyo mayeso apakamwawa ndimawalemekeza kuposa ena onse m'nkhani ino. Ntchito ya BA ndi yolankhula. Mumaima pamaso pa akuluakulu n'kuwafotokozera chifukwa chimene chinthu chimene akuchifunitsitsa sichithetsa vuto lawo, iwo akukudulani mawu. Kusankha yankho pakati pa A, B, C ndi D sikuyesa luso limenelo, pomwe anthu awiri okupanikizani ndi mafunso amaliyesa. Ubwino wina ndi woti mumalipira gawo limodzi panthawi, ndiye thumba limapumako. Kuipa kwake, magawo onse pamodzi ndi maphunziro ake amadula kwambiri, ndipo kunja kwa Britain ndi mayiko ochepa otengera chikhalidwe chake, dipulomayi siidziwika ngati CBAP. Abale athu amene ali kale ku Britain ndipo akukwanira pa malamulo ake afunsenso za apprenticeship ya business analyst ya Level 4, imene munthu amaphunzira akulandira malipiro, maphunzirowo osalipira yekha.

PMI-PBA ndi ya Project Management Institute, eni ake a PMP, setifiketi ya oyendetsa mapulojekiti, ndipo inayamba mu 2014. Imafuna miyezi 36 ya ntchito ya BA kwa amene ali ndi digiri, miyezi 60 kwa amene alibe, ndi maola 35 a maphunziro; mayeso ake ndi mafunso 200 m'maola anayi. Imaona ntchito ya BA ndi diso la woyendetsa pulojekiti. Ngati muli kale ndi PMP, kapena mumagwira m'mapulojekiti a mabungwe opereka thandizo kumene dzina la PMI amalidziwa, ikukwanirani bwino. Ngati si choncho, sindikuona chifukwa choisankhira m'malo mwa CBAP.

Palinso CPRE ya bungwe la IREB la ku Germany. Gawo lake loyamba silifuna maola a ntchito, ndipo mukakhoza ndi yanu moyo wonse, palibe zolipiranso. Imaphunzitsa chinthu chimodzi, kulemba ndi kusamala ma requirements, koma imaphunzitsa mwakuya. Imamveka kwambiri ku Germany, Switzerland ndi mayiko oyandikana nawo.

Ngati timu yanu imagwira ntchito mwa agile, kutanthauza kumanga sisitimu pang'onopang'ono m'zigawo za masabata awiri zotchedwa masprinti, mapepala a product owner (wosankha zimene timu iyambe kumanga) ndi otsika mtengo ndipo amagwira ntchito nthawi yomweyo. PSPO I ya Scrum.org mumalemba pa intaneti osakakamizidwa kulowa kalasi, mafunso 80 mu ola limodzi, kukhoza kwake ndi 85 peresenti, ndipo siitha ntchito. CSPO ya Scrum Alliance imafuna mulowe kalasi ya mphunzitsi wovomerezeka ndipo mumaikonzanso zaka ziwiri zilizonse. Kwa wodzilipirira yekha, yoyambayo ndi yosavuta kuifikira. Koma chenjerani ndi makampani amene amati ndi a agile chifukwa choti amaima m'mawa uliwonse kwa mphindi 15, pomwe chilichonse chimadikirabe siginecha za anthu asanu. Kumeneko pepalali lingokukwiyitsani.

Luso la manja: SQL, Excel, Power BI ndi kujambula

Njira imeneyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo kwa BA wa zaka ziwiri kapena zitatu pa ntchito ndiyo imasintha zinthu msanga. BA amene sadziwa SQL, chilankhulo chofunsira deta mu database, amakhala wopemphapempha. Akafuna kudziwa kuti ndi makasitomala angati amene ngongole zawo zinachedwa mwezi watha, amalemba imelo kwa a database, n'kudikira masiku atatu, yankho n'kubwera la funso lina. Wodziwa SQL amafunsa yekha, aone yankho, afunsenso funso lachiwiri limene loyambalo labala, zonsezi tiyi asanazizire. Simukufunika kukhala katswiri. Malamulo a SQL monga SELECT, WHERE, JOIN, GROUP BY ndi kumvetsa mmene matebulo a deta amalumikizirana zimakwanira ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku.

Zipangizo zake n'zaulere. Mapulogalamu osungira deta a PostgreSQL ndi SQLite simulipira, Power BI Desktop, yoonetsera deta m'zithunzi, mumatsitsa mwaulere pa kompyuta ya Windows, maphunziro a pa Microsoft Learn ndi aulere, ndipo Coursera imalandira mapempho a thandizo kwa amene sangakwanitse kulipira. Deta yoyeserera musakaifune kutali. National Statistical Office ku Zomba inatulutsa zotsatira za kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo Reserve Bank of Malawi imatulutsa malipoti a mitengo ya ndalama zakunja ndi a kayendedwe ka malipiro m'dziko. Munthu amene wafika pa intavyu ndi dashibodi, tsamba la zithunzi za deta, yoonetsa mmene malipiro a pa foni akulira chaka ndi chaka, atapanga yekha kuchokera ku malipoti amenewa, amakumbukika kuposa amene wabwera ndi chitsanzo chomwe aliyense anapanga pa maphunziro a pa intaneti. Deta ya kuntchito kwanu yokha musaitulutse panja, ngakhale mutafufuta mayina.

Mapepala a mbali imeneyi alipo. PL-300 ya Microsoft ndi ya Power BI, ndipo mumaikonzanso chaka chilichonse kwaulere pa intaneti. Google Data Analytics Certificate, imene inayamba mu 2021, ndi poyambira pabwino ngakhale kuti anthu amene ali nayo achuluka kwambiri. IIBA nayonso ili ndi CBDA, setifiketi ya kusanthula deta. Koma pano pepala ndi lachiwiri, chifukwa woyesa akhoza kungokupatsani laputopu n'kunena kuti lembani query, funso la SQL.

Kujambula nakonso ndi luso la manja. BPMN 2.0, imene bungwe la Object Management Group linatulutsa mu 2011, ndi njira yovomerezeka yojambulira mayendedwe a ntchito, ndipo draw.io imajambula zimenezi kwaulere. Chithunzi chimodzi choonetsa kuti fomu imadutsa pa matebulo 9 ndipo pa atatu mwa iwo palibe amene amaiwerenga chimathetsa mkangano umene misonkhano inalephera. Chenjezo langa ndi limodzi: amene amakonda manambala kwambiri amatsetserekera ku ntchito ya data analyst osadziwa. Ndi ntchito yabwino, koma ndi ina. Ngati mwezi wathunthu wadutsa osalankhula ndi wogwiritsa ntchito sisitimu ngakhale mmodzi, mwasamuka kale.

Digiri yachiwiri

Pano sindichedwapo. MBA, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, kaya ya ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic isanaime payokha mu 2021, kaya ya sukulu ya za utsogoleri ya ESAMI, kaya yakunja, siikuphunzitsani kulemba requirement imodzi yabwino. Imakupatsani zina: kuwerenga mabuku a chuma cha kampani, kumva mmene akuluakulu amaganizira, ndi anzanu a m'kalasi amene mawa adzakhale mabwana m'makampani ena. Ndipo tinene zoona, m'boma, m'makampani a boma ndi m'mabungwe ambiri kwathu kuno, malonda a ntchito amatchula digiri, ndipo wosankha mafomu amayang'ana bokosi limenelo asanaone china chilichonse. Ngati cholinga chanu ndi kukhala mkulu wa dipatimenti, masters ili ndi mphamvu kuposa CBAP pamsika wa konkuno. Ngati mukufuna kukhala BA wodalirika, zaka ziwiri ndi mamiliyoni amenewo zikhoza kudikira.

Kukhala pa kauntala

Njira yomaliza ilibe mayeso, ndipo n'chifukwa chake anthu amaiderera. Tiyerekeze SACCO imene ikufuna kusiya mapepala pa nkhani ya ngongole. Manejala akufotokozerani mu ofesi yake kuti zinthu n'zosavuta: membala amapempha, komiti imavomereza, ndalama zimatuluka, membala amabweza mwezi ndi mwezi, akachedwa pali chindapusa. BA wothamanga alemba zimenezi, manejala asaine, akatswiri amange.

BA wodekha apempha mpando pafupi ndi kalaliki wa pa kauntala kumapeto kwa mwezi. Pasanathe ola aona kuti mayiyo ali ndi kope la chikuto cholimba pansi pa tebulo, lakuda m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa, ndipo amalitsegula kawirikawiri.

"Pepani amayi, m'kopemu mumalembamo chiyani?"

"Aa, izi n'zanga chabe achimwene, si za ofesi ayi."

Akafunsa mofatsa, apeza kuti m'kopemo ndi mmene muli ntchito yeniyeni. Muli mayina a mamembala amene amabweza ngongole pa Airtel Money kapena Mpamba pogwiritsa ntchito nambala ya mkazi kapena mwana wawo, kotero dzina lobwera ndi ndalama silifanana ndi la pa akaunti. Muli aphunzitsi amene ndalama zawo zimadulidwa ku malipiro koma zimafika ku SACCO mochedwa, ndipo mayiyo amadziwa kuti amenewa sayenera chindapusa chifukwa kuchedwako si kwawo. Muli alimi amene anagwirizana ndi komiti kuti adzabweza akagulitsa fodya kapena soya. Manejala sananame. Iye zimenezi sizifika pa tebulo lake chifukwa mayiyo amazithetsa zisanafike. Sisitimu ikanamangidwa pa mawu a manejala okha, mwezi woyamba ikanalipiritsa chindapusa aphunzitsi onse, n'kusiya ndalama za pa foni zili lende popanda mwini, ndipo kopelo likanabwerera pa tebulo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pa zimene waonazo BA amalemba zinthu zoti munthu angathe kuziyesa. M'malo molemba kuti sisitimu izisamalira bwino malipiro a pa foni, amalemba kuti membala aliyense akhoza kulembetsa manambala a foni oposa imodzi, kuti ndalama yochokera ku nambala yosadziwika izipita pa mndandanda wodikira umene kalaliki aziuona tsiku lililonse, ndi kuti amene wailumikiza ku akaunti dzina lake ndi nthawi zizilembedwa mosafufutika. Pa UAT, nthawi imene ogwiritsa ntchito amayesa sisitimu asanailandire, mayi yemwe uja ndiye ayenera kukhala woyamba kuyesa, kope lake lili pambali.

Mfundo ya kusafufutikayo si yongokometsera. Pa Cashgate ya 2013, ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti malipiro abodza ankalowetsedwa mu IFMIS, sisitimu ya chuma cha boma, macheke n'kutuluka, kenako zolembazo n'kufufutidwa. Kuba kunali kwa anthu, koma mafunso akuti ndani ali ndi mphamvu yolowetsa, ndani yovomereza, ndani yofufuta, ndipo chimatsala n'chiyani munthu akafufuta, ndi mafunso amene BA amayenera kufunsa sisitimu isanayambe kugwira ntchito. Wogwiritsa ntchito sadzakuuzani yekha kuti mumuletse kufufuta.

Luso lotere limakula ndi kubwereza, ndipo mwayi wake uli pomwe mulipo. Pemphani kuti akuikeni pa pulojekiti imene ena akuithawa, makamaka yosamutsa deta kuchoka ku sisitimu yakale, chifukwa kumeneko ndi kumene zinsinsi zonse za kampani zimatulukira. Pezani BA wamkulu, ngakhale wa kampani ina, amene angawerenge zolemba zanu n'kuzichonga mopanda chisoni. Misonkhano ya ICTAM, bungwe la akatswiri a makompyuta ku Malawi, ndi malo amodzi okumanirana ndi anthu otere. Ngati kuntchito kwanu kulibe mpata, sukulu, tchalitchi kapena gulu la banki m'khonde la kwanu lili ndi ndondomeko yosokonekera imene mungaijambule ndi kuikonza. Masiku ano ChatGPT ndi anzake amalemba ma user story, ziganizo zazifupi zonena zimene wogwiritsa ntchito akufuna, ooneka bwino m'kamphindi, kotero kulemba kokha kwatsika mtengo. Kopelo pansi pa tebulo sangalione.

Kufooka kwa njirayi nakonso kunenedwe. Munthu wophunzira pa ntchito pokha amatengera zizolowezi za kampani imodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo amayesa kuti dziko lonse limachita choncho. Akapita pa intavyu kwina amalephera kufotokoza zimene amadziwa m'mawu amene ofunsawo akuyembekezera. Apa ndi pamene BABOK kapena maphunziro a BCS amagwira ntchito yake yeniyeni: amakuonetsani zigawo zimene kampani yanu simachita n'komwe. Kawirikawiri chimakhala chomaliza chija, kubwerera patatha miyezi 6 kukaona ngati sisitimu inathandizadi. Makampani ambiri amadula keke tsiku loyatsa sisitimu, osabwereranso.

Pambali pa zonsezi pali kudziwa bizinesi imene mulimo, chimene anthu amachiiwala pondandalika maluso. BA wa pa banki amene amamvetsa mmene ndalama imayendera kudzera ku National Switch, yomwe inayamba mu 2015 kulumikiza mabanki, ndipo amadziwa chimene muyeso wa ISO 20022 wasintha pa mauthenga a malipiro a SWIFT, njira yotumizirana mauthenga pakati pa mabanki a m'mayiko osiyanasiyana, ndi wovuta kumulowa m'malo kuposa mnzake wa masetifiketi atatu amene sadziwa kusiyana kwa clearing (kuwerengera zimene mabanki ayenera kulipirana) ndi settlement (kulipirana kwenikweniko). Chimodzimodzi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024: pulojekiti iliyonse yosunga mayina, manambala a foni ndi ziphaso tsopano ili ndi mafunso atsopano, ndipo wowafunsa woyamba ndi BA. Kudziwa kumeneku kumapezeka m'malipoti a Reserve Bank, m'malamulo enieniwo, ndi pokhala pansi ndi anthu a compliance, oonetsetsa kuti kampani ikutsata malamulo, amene aliyense amawazemba.

Ndiye muyambire pati?

Wongoyamba kumene, kapena amene akuchokera ku ntchito ina, ayambe ndi Excel yozama, SQL ndi kujambula ndondomeko, apeze pulojekiti imodzi yeniyeni ngakhale yaing'ono, ndipo ngati ndalama ilipo awonjezere ECBA, BCS Foundation kapena CPRE, imodzi yokha. Kutenga zonse zitatu ndi kugula chinthu chimodzi katatu. Amene maola ake akuyandikira 7,500 ndikanamulangiza kudumpha CCBA n'kudikira CBAP, pokhapokha ngati pali ntchito imene ikufuna pepala chaka chomwechi. Woloza ku Britain asonkhanitse magawo a BCS pang'onopang'ono. Wa m'mapulojekiti a mabungwe aone PMI-PBA. Wofuna mpando wa ukulu konkuno aganizire za masters.

Ndipo musanalipire nokha, funsani kuntchito. Makampani ambiri ali ndi thumba la maphunziro limene limatha chaka osagwiritsidwa ntchito mokwanira chifukwa anthu amapempha mochedwa kapena mosamveka. Pemphani nthawi yokonza bajeti isanakwane, ndipo musalembe kuti mukufuna kudzitukula. Tchulani pulojekiti ya chaka chamawa, nenani ntchito imene panopa kampani imalipira kontilakita wakunja, ndi mmene maphunzirowo angaibweretsere m'nyumba. Kampani imapezanso ndalama zakunja mosavutikira kwambiri kusiyana ndi inu panokha. Akavomera, adzakupatsani pepala la bondi. Liwerengeni bwino musanasaine: likumangani zaka zingati, ndalama yobweza imachepa pamene miyezi ikupita kapena imakhala yomweyo, ikuwerengedwa m'makwacha a tsiku limene analipira kapena m'madola, ndipo chimachitika n'chiyani ngati ndi iwo amene akuchotsani ntchito.